Kadereno wa Apulofesoli ndi Ife a Pachulu

Kampu ya mpira ya ku Fingoe ili ndi chulu kuseri kwa golo la kumadzulo. Pachulu pamenepo ndi pamene timakhala ife amene sitisewera koma timadziwa zonse. Ntchito yanga ndi ya mota, njinga yamoto, kunyamula anthu ndi katundu kupita kumidzi, koma Lamulungu masana, tsiku limene kuno timati Domingu, motayo ndimaiimika pansi pa mtengo n'kukwera pachulu. Ndachita zimenezi zaka zambiri.

Kale kusankha osewera a ekipa, timu yathu ya mpira, sikunkavuta. Trenadori wathu, kapena kuti kochi, wosewera wakale amene anasiya mpira chifukwa cha bondo, ankangoona amene ali ndi liwiro ndi amene amamenya mpira mpaka wapagolo kupukusa manja. Akakayika, ankamvera chulu. Tikakuwa dzina la munthu ma Domingu atatu otsatizana, munthuyo ankapatsidwa kamizola, malaya a ekipa. Choncho ekipa inali yathu ndithu, ndipo ikagonja tinkanyoza woimbira.

Pakamwa ekipa inali ya tonse, koma makamizola ndi mipira ankagula ndi bambo wina mwini loja, sitolo ya pamsika. Iwowa anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, anabwerako ali ndi ndevu kale, ndipo anali munthu wosakonda kugonja. Zaka zitatu zotsatizana anyamata okumba golide, amene ali ndi ekipa yawo kumigodi, anatikwapula pakhomo pathu pomwe. Chaka chachitatucho a loja anatiitana tonse pakhonde pawo.

"Kuyambira lero osewera azisankha ndi apulofesoli a matematika," anatero. "Atrenadori ntchito yawo ndi kuphunzitsa basi. Ndikupemphani zilimwe ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Apulofesoliwo tinkawadziwa. Anali mphunzitsi wa masamu pasukulu, munthu wowonda, wa magalasi, wochokera kumzinda wa Tete, ndipo Chinyanja chawo chinkatsamira ku Chinyungwe. Mpira sanaumenyepo, ngakhale wa masanza. Chilimwe chonse cham'mbuyo ankakhala m'mbali mwa kampu, kadereno, kope lawo lolembamo, ali pamwendo, akulemba, ife n'kumati akuchonga mayeso a ana. Sitinadziwe kuti akuchonga osewera athu. A loja anali ataona pa televizau kuti maekipa a ku Ulaya masiku ano amayamba afunsa kompyuta asanagule wosewera, ndiye atamva za kadereno uja anati nafenso tapeza kompyuta yathu.

Tinaseka, koma tinavomera. Kulonjeza kudikira sikuvuta mpira usanayambe.

Ine nkhaniyi inandikhudza kuposa anzanga, chifukwa apulofesoli analibe mota ndipo ankafuna kuona mipira ya kumidzi. Loweruka lina ndinawanyamula kupita ku Malowera. Tinafika tili mbuu ndi fumbi, mpira utayamba kale. Ine maso anga anagwera pa wosewera wina wa kumbali, wamiyendo yaitali, amene ankapyola anthu atatu ngati akuzemba zitsa m'munda. Akagwira mpira, azimayi ankaimba nthungululu. Ndinawagunda apulofesoli ndi chigongono.

"Uyo, apulofesoli. Tisachoke kuno osamutenga uyo."

"Mwamuona akutaya mpira kangati?" anandifunsa osakweza mutu.

"Sindinawerenge."

"Ine ndawerenga."

Anandionetsa tsamba. Wosewera aliyense anali ndi mzere wake, ndipo mumzeremo munali timikwingwirima ta kaneta, cholembera chawo: kena ka mpira umene wafika kwa mnzake, kena ka mpira umene waupereka kwa adani, kena ka mpira umene walanda. Akafika kunyumba zonsezo ankazilowetsa mu telefoni, telefoniyo n'kuwonkhetsa. Mzere wa wamiyendo yaitali uja unali wakuda bii pamalo a mipira yotayika.

Munthu amene apulofesoli anamufuna ine sindinamuone n'komwe mpaka atandilozera. Anali bambo wa dazi, wonenepa m'chiuno, wa zaka mwina makumi atatu, wosewera pakati. Kuthamanga sankathamanga. Mpira ukafika kwa iye unkachoka usanatenthe, koma unkafika kwa mnzake nthawi zonse. Anali mlimi, wa banja limene linabwerera kuchokera ku Malawi. Titamuuza kuti tikumufuna ku vila, kwathu ku Fingoe, anayamba wayang'ana kumbuyo kwake kuti mwina tikulankhula ndi wina.

Ku Malowera tinapitanso kawiri, ku Chiputo katatu. Ku Chiputoko apulofesoli anasankha wapagolo wamfupi amene, malinga ndi kadereno, ankagwira pafupifupi chilichonse. Kenako mndandanda wa ekipa yatsopano unamatidwa pachitseko cha loja. Anthu anauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuyambiranso. Dzina la mlamu wanga munalibe.

Mlamu wangayu ndi mlongo wa mkazi wanga, wamng'ono kwa iye. Mlamuyu ndiye anali womwetsa zigoli wathu, mwana wa chulu weniweni. Ankamenya mpira ali patali, ndipo tsiku lina anathyola nawo mtanda wa golo. Anthu ena ankabwera ku kampu chifukwa cha iye yekha. Nditawafunsa apulofesoli, anandiyankha ngati akunena za nyengo: mlamuyo amamenya kambiri, yolowa ndi yochepa, ndipo mpira umene anzake avutikira umafera pa iye.

Mawa lake mlamu anandipeza pakhomo ndikumanga tcheni cha mota.

"Alamu, ndamva kuti ndinu mumawanyamula."

"Ine ndimanyamula aliyense, alamu."

"Ndiye mwanyamula munthu wokafuna wondilowa m'malo."

Ndinati sindinadziwe kuti zidzafika pamenepo, ndipo zinali zoona. Iye sanatsutse. Anakhala pang'ono, anamwa madzi, n'kutsazika kwa mlongo wake yekha. Atapita, mkazi wanga anaima pakhomo akupukuta manja m'chitenje.

"Abambo ake, mchenga wonse uja wa njira ya ku Malowera, simukanawagwetsamo kamodzi kokha?"

Sanali kuseka kwenikweni.

Chilimwe choyamba chinali chozizira ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Ekipa yathu inkaugwira mpira nthawi yaitali, uku ndi uku, kubwerera m'mbuyo, kuyambiranso. Zigoli zinkasowa. Tinalepherana ndi ekipa ya aphunzitsi, tinalepherananso ndi ya kumudzi wina umene kale tinkaumwetsa zisanu. Kugonja kwenikweni kunali kochepa, koma munthu wa pachulu sabwerera kunyumba kukafotokoza kuti sitinagonje. Amafuna chinthu choti akachionetse ndi mwendo wake pabwalo, ana akumuyang'ana. Bambo wa dazi uja analibe chotero. Anthu anamutcha Thumba, ndipo ekipa yonse anaitcha ya matematika. Mpira ukabwerera m'mbuyo, wina ankakuwa kuti, "Chotsani ziwiri, mutsale ndi zero!" chulu chonse n'kufa nacho chiseko.

Azimayi amene ankaimba m'mbali mwa kampu anayamba kuchepa. Amayi ogulitsa mandasi anasamukira kumsika, ati kuno anthu akukhala manja ali m'thumba.

Mlamu wanga sanakhale nthawi yaitali wopanda ekipa. Anyamata a kumigodi anamutenga, ndipo pakati pa chilimwe anabwera naye pa kampu yathu atavala kamizola yawo yofiira. Chigawo chachiwiri analandira mpira patali, pafupi ndi pakati, n'kuumenya monga mwa masiku onse. Wapagolo wathu wamfupi analumpha, koma mpira unadutsa pamwamba pa zala zake. Chulu chonse chinaimirira ndi kukuwa, zipewa m'mwamba. Tinali kusangalalira chigoli chimene ekipa yathu yamwetsedwa. Ndinazindikira zimenezi nditaimirira kale, pakamwa pali yasaa. Nditayang'ana m'mbali ndinaona apulofesoli akuika kamkwingwirima kamodzi mu kadereno, monga amachitira ndi mpira wina uliwonse.

Sabata imeneyo anthu anapita kwa a loja osaitanidwa. Tinadzaza khonde mpaka ena kuima mumsewu. Apulofesoli anaitanidwa, anabwera ndi kadereno, ndipo anafotokoza modekha kuti ekipa ikutaya mipira yochepa kuposa kale, kuti adani akufika pagolo lathu mwa apo ndi apo, kuti zigoli zidzabwera. A loja anabwerezanso za maso a nkhono.

Pachulu tili ndi mkulu wina wosoka nsapato, amene salankhula kawirikawiri. Tsiku limenelo anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Apulofesoli, ife kudikira timakudziwa. Chimanga timadzala ndi mvula yoyamba, ndipo timadikira osadandaula, chifukwa mwezi wokolola timaudziwa. Inuyo mwezi wanu ndi uti?"

Apulofesoli anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Sindikuudziwa, bambo."

"Nanga telefoniyo?"

"Nayonso sikuudziwa. Imangonena kuti njira ndi yomweyi."

Anthu anang'ung'udza. Ena anati munthu wosadziwa mwezi asatisungitse njala. Koma ine ndinaona kuti wosoka nsapato uja anakhala pansi ngati kuti yankho lamukwanira. Pambuyo pake anandiuza kuti apulofesoli akanatchula mwezi, iye akanadziwa kuti ndi abodza. A loja anatseka nkhani ponena kuti anapempha zilimwe ziwiri ndipo chadutsa sichinakwane n'chimodzi chomwe. Amene akufuna ekipa ina agule mipira yake.

Ine mtima wanga sunali mbali imodzi. Panjira ndi apulofesoli zonena zawo zinkamveka. Ndikakwera pachulu zinkasungunuka. Kunyumba mkazi wanga anali atasiya kundifunsa za mpira, chinthu chimene kale ankachita ngakhale sankaukonda. Loweruka lotsatira apulofesoli atabwera kuti tipite kumudzi wina wa njira ya ku Chiputo, ndinawauza kuti mota yafa. Motayo inali poteropo, injini ikadali yofunda. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepani, akulu. Ichire msanga." Masana ndikuchokera kwina ndi thumba la chimanga kumbuyo, ndinawapitirira pachitunda akukankha njinga yobwereka, kadereno ali m'jumbo pachiwongolero. Ndinawaimbira belu, iwo anakweza dzanja. Sitinadzakambiranepo za tsiku limenelo. Loweruka linalo ndinawanyamula.

Mvula itabwera mpira unaima, njira ya ku Chiputo inatsekeka, aliyense analowa m'munda mwake. Nkhani ya ekipa inatsalira m'mabaraka momwera mowa, ndipo kumeneko inkangozungulira malo amodzi.

Chilimwe chachiwiri chisanayambe, apulofesoli anachita chinthu chimene sitinachiyembekezere. Anapita okha kwa a loja ndi kwa atrenadori n'kunena kuti pa wapagolo analakwitsa. Magolo a ku Chiputo kumene anamuonera ndi a mitengo yodula m'tchire, aafupi kuposa athu, ndipo iwo anawerenga mipira yogwidwa osayeza golo. Wamfupi uja anabwerera kwawo, wapagolo wathu wakale n'kubwerera pamalo pake. Pachulu nkhaniyi inakoma kwambiri. Kwa masabata angapo aliyense amene walakwitsa kanthu, ngakhale kuthira mchere wambiri m'ndiwo, ankauzidwa kuti sanayeze golo.

Panalinso china chimene kadereno sanachione. Bambo wa dazi ankabwera kuchokera ku Malowera pa njinga kapena pa lole ikapezeka, ndipo nthawi yokolola kapena kukagwa maliro kumudzi sankabwera. Masiku amene iye kunalibe, ekipa inkasokonekera ngati mbuzi zopanda mbusa, mpira ukungouluka. Apa ndi pamene ena a ife tinayamba kumuona: tinamuona pa masiku amene sanabwere. Dzina la Thumba silinachoke, koma linayamba kutchulidwa mwa mtundu wina. Anthu akafika pachulu ankayamba afunsa kuti, "Thumba wabwera?"

Kenako tinayamba kupambana. Sikunali kupambana kwa phokoso. Chigoli chimodzi, mwina ziwiri, zomwetsedwa pafupi ndi golo, zoti ngakhale ine ndikanamwetsa. Anthu anabwerera pang'onopang'ono, koma palibe amene ananena kuti apulofesoli ananena zoona. Ena anati ndi chifukwa cha wapagolo wakale. Ena anati maekipa ena afooka chifukwa anyamata athamangira kumgodi watsopano. Mwina zonsezo zinali zoona. Azimayi oimba anabwerera theka, ndipo ankadandaula kuti ekipa iyi siipatsa munthu poyambira nyimbo.

Apulofesoli sankawerenga osewera athu okha, ankawerenganso a adani. Tsiku lina kumapeto kwa chilimwecho anabwera kwathu masana, mkazi wanga ali kumtsinje.

"Akulu, ndikufuna mundiperekeze kumigodi. Ndikufuna mlamu wanu."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anatsegula kadereno. Kumigodi kuja kapitawo wa ekipa ndi munthu waukali, salola aliyense kumenya mpira patali popanda chifukwa, ndipo mlamu wanga, pokhala mlendo, anamvera. Anali ataphunzira kupatsira anzake ndi kudikira mpaka afike pafupi. Mzere wake tsopano unali woyera kuposa wa womwetsa zigoli aliyense m'dera lathu.

"Ndiye mukufuna mukamuuze chiyani?" ndinafunsa.

"Zomwezi."

"Apulofesoli, munthu sauzidwa choncho."

"Nanga amauzidwa bwanji?"

Ndinaliza mota.

Tinamupeza mlamu atatuluka kumene m'dzenje, thupi lonse lili dothi lofiira, akutsuka miyala m'beseni. Anandipatsa moni ine, kenako apulofesoli, mwaulemu wake wonse. Anatipezera mthunzi ndi zitini zokhalira. Apulofesoli anafotokoza monga anandifotokozera ine, anamuonetsa mzere wake wakale ndi watsopano. Mlamu anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo kuti asalidetse.

"Ndiye kuti tsopano ndakhoza," anatero.

"Mwakhoza kwambiri."

"Amene wandifuna ndi kaderenoyu kapena ndinu?"

Apulofesoli anaganiza kaye. "Ndi kadereno," anayankha. "Koma ine ndimamukhulupirira."

Mlamu anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. Anati anthu a kumigodi anamutenga pamene analibe pogwira, amakumba nawo dzenje limodzi, ndipo sangavule kamizola yawo chifukwa choti tsamba latembenuka. Anati chaka chamawa tsambalo likhoza kutembenukanso. Apulofesoli anavomera kuti likhozadi. Pamenepo nkhani inatha. Potiperekeza, mlamu anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndikauze mlongo wake kuti abwera Loweruka kudzaona ana. Anali asanaponde pakhomo pathu kwa miyezi yambiri.

Pobwerera tayala lakumbuyo linaphulika tisanafike pamsewu waukulu, ndipo tinayenda wapansi tikukankha mota, dzuwa lili pamutu. Tinayenda mtunda wautali. Kenako apulofesoli anandifunsa ngati anthu a pachulu angadikire chilimwe chachitatu. Ndinawauza zimene ndinkadziwa: kuti ena sadzabweranso ngakhale titapambana mipira yonse, chifukwa chimene ankabwerera sichilipo, kuti ena adzabwera ngakhale titagonja yonse, chifukwa Domingu masana alibe kwina kopita, ndipo kuti otsalawo, amene ndi ambiri, sadikira munthu, amangoona Domingu iliyonse payokha. Anandifunsa kuti ine ndili m'gulu liti. Ndinati lachiwiri, ndikuganiza.

Chilimwe chimenecho tinathera pa nambala yachiwiri, kumbuyo kwa a kumigodi omwewo. Mpira womaliza tinalepherana nawo chimodzi kwa chimodzi, ndipo chigoli chawo anamwetsa wina, atapatsiridwa ndi mlamu wanga ali pamalo oti kale akanamenya yekha. A loja sanaitanenso msonkhano. Zilimwe ziwiri zinakwana, palibe amene anawakumbutsa, ndipo apulofesoli akusankhabe osewera mpaka lero. Bambo wa dazi anasiya chaka chathachi, ati mawondo ndi ulendo wa njinga sizikugwirizananso, ndipo m'malo mwake muli mwana wa mlongo wake, amenenso sathamanga. Mlamu amabwera kwathu kawirikawiri tsopano. Timakamba za mvula, za mbuzi, za dzenje latsopano limene akukumba, koma ikafika Domingu yoti maekipa athu akumana, iye amadya msanga n'kunyamuka yekha wapansi, ine n'kutsatira pambuyo pa mota.